Wokodoledwa Sanena Kuti Sindinamve

Lachinayi, mwezi wa Ogasiti, 1955

Ndadzuka khosi lili gwa, mtima uli m'mwamba. Mwera wakhala ukuwomba sabata yonse ino, ndipo amayi akuti mphepo yandilowa, koma ine ndikuchidziwa chimene chalimbitsa khosili. Chibwerere kutchuthi ndakhala ndikuyenda chowerama, maso ali pa zala zakumapazi. Anthu a m'mudzi muno akundiyamikira nazo. Dzana kuchitsime mayi wina anati, "Taonani mwana wa eni ake, sukulu yonse ija koma sayang'ana munthu kumaso." Ine ndinangoti zikomo. Akanadziwa kuti si ulemu ayi, koma ndikuthawa dzanja la amayi aakulu.

Amayi aakulu ndi akulu awo a amayi anga, bere limodzi. Ife ndife Akatolika, koma iwo anakwatiwa ndi Myao wa kutsidya kwa Shire, nalowa Chisilamu ine ndisanabadwe. Amuna awowo anamwalira chimanga chikuuma m'munda, ine ndili kusukulu. Tsono panopa ali pa eda, nthawi imene mkazi wa Chisilamu amabindikira mwamuna wake akamwalira. Sapita kumunda kapena kuchitsime, savala mikanda, sakweza mawu. Nyumba yawo ili m'mbali mwa njira ya kuchitsime, khomo lake linapenya kunjira komweko. Amakhala pamkeka, m'kati pang'ono mwa chitseko, pamene kuwala kwa dzuwa kumalekezera. Aliyense wopita kukatunga madzi amamuona.

Nditangofika, amayi ananditenga kukapepesa maliro. Munali anthu ambiri m'nyumbamo, ndipo tinangolira nkubwerako. Masana ake tinakhala pakhonde pathu tikusankha thonje, loyera kwake, lothimbirira kwake, ndipo amayi anayankhula maso ali m'dengu.

"Achimwene alandira mawu."

"Mawu a chiyani, amayi?"

"Ukufunsa ngati khanda. Mnyamata wa ku Ngokwe. Wabwera kumene ku Halale, ali ndi njinga, ngwa mpingo wathu womwewu. Akuti chikamwini sakukana, adzamanga pompano."

"Nanga sukulu?"

"Sankha bwino. Ilo nlothimbirira."

Ndinalichotsa. Zanditsalira zaka ziwiri zokha, ndipo pa atsikana onse a kuno kwa Kalembo amene tinayambira limodzi pansi pa mtengo, ndatsala ndine ndekha. Asisitere ananena kuti ndikalimbikira chonchi adzanditumiza kukaphunzira unamwino. Amayi akudziwa zonsezi. Koma amalume, achimwene awowo, ndiwo mwini mbumba, ndipo amayi sanawatsutsepo chibadwire.

Patapita kanthawi anati, "Amene apatsidwa ntchito yokuuza ndi amayi ako aakulu. Ine sindinanene kanthu. Nkhani ya ukwati isanakufike kuchokera pakamwa pa amene anatumidwa, ndiye kuti sinayambe. Munthu wa pa eda safuula. Akatuma mwana kudzakuitana, poyankha ndikudziwa ine: uli kumunda, uli ndi mutu. Koma akakukodola, mwana wanga, pamenepo ine palibe."

Kuyambira tsiku limenelo mawu oti kukodola andikhala m'mutu ngati njuchi yolowa m'chipanda. Ndi mawu amene ndawamva kuyambira ndili kumbuyo, koma sindinawaganizirepo. Kukodola ndi kuitana munthu ndi dzanja, pakamwa pali chete. Umatambasula mkono, chikhatho chipenye pansi, nkumapinda zala zonse zinayi kuzibweza kwa iwe mwini. Wamkulu amakodola wamng'ono. Anthu a msinkhu umodzi amakodolana. Koma mwana sakodola wamkulu. Akamufuna, amapita pafupi nkugwada. Ndipo munthu sakodoledwa ndi chala chimodzi, chikhatho chitapenya kumwamba. Kumeneko nkuitana galu. Mzungu wogula thonje kumsika amatero kwa abambo a imvi, ndipo iwo amapita, poti thonje nlawo, koma ndimaona mmene nsagwada zawo zimalimbira.

Chimene sindinkachizindikira nchakuti kukodola nkolemera kuposa kuitana. Mawu amatha kuuluka ndi mphepo. Woitanidwa akhoza kunena kuti ndinali patali, kapena musi unali kusokosa, sindinamve. Koma munthu sakodola msana wa mnzake. Amadikira kuti maso akumane, kenako dzanja nkukwera. Likakwera, nonse awiri mukudziwa kuti waona. Wokodoledwa sanena kuti sindinamve. Ngati sapita, ndiye kuti wakana, ndipo wakana wamkulu maso ali phi.

Nchifukwa chake nkhani zikuluzikulu zimabwera ndi dzanja. Pamaliro safuula dzina la munthu, amamukodola. Uthenga woipa ukafika pagulu, amakodola mwini wake nkupita naye kuseri. Ngakhale kusukulu kwathu zili choncho. Chaka chatha, tili m'kalasi ya masamu, amayi oyang'anira kogona atsikana anaima pakhomo nayamba kuyendetsa maso. Tonse tinazolika pamadesiki. Mnzanga wa ku Balaka, amene tinkagona mabedi oyandikana, anadzutsa mutu. Dzanja linakwera. Anatuluka osatseka nkomwe buku lake, ndipo madzulo bedi lake linali lopanda bulangete. Pano ndamva kuti ali ndi mwana.

Tsiku lina abambo akusema mpini pansi pa mtengo wa mango, ndinawafunsa kumene mawu amenewa anachokera. Abambo ndi Angoni a ku Ntcheu, mkamwini pamudzi pano, ndipo amakonda kufunsidwa zinthu, poti pa nkhani za mudzi uno palibe amawafunsa.

"Amenewo ndi mawu a alenje," anatero. "Nyama ili apo, mnzako ali uko. Ukatsegula pakamwa, ndiwo zathawa. Ndiye umangotere." Anasiya kasemasema nkundionetsa.

Amayi anali pafupi akupeta, ndipo anaseka. "Bodza lanulo. Anayamba ndife akazi. Mwamuna wako sungamutchule dzina, apongozi ako sungawafuulire, mwana wagona kumbuyo. Tikanatani? Mulungu anatipatsa dzanja."

"Nanga inu munandikodola chifukwa cha mwana uti, pa gule uja?"

"Ine kukodola inu? Ndinkaingitsa ntchentche, inu nkubwera mukuthamanga."

"Ntchentche yake inali yamwayi."

Anaseka onse awiri, koma kuseka kwa abambo kunatha msanga. Anatenga ngowe yothyolera mango imene inali yotsamira mtengo, naiyang'ana. "Taona mmene dzanja limapindikira munthu akamakodola. Ndi ngowe imeneyi. Chili m'mwamba chitsike, chili patali chibwere." Anaibwezera pamalo pake. Sanandiyang'ane, ndipo ndinadziwa kuti za mnyamata wa ku Ngokwe anazimva, ndi kuti alibe ponena.

Ayao a kuno nawo amati kukodola, chimodzimodzi ife. Amuna awo a amayi aakulu, akanakhala moyo, akananena kuti tinabwereka kwa iwo, monga ankanenera za mpunga ndi zina zonse zabwino. Ine sindikudziwa amene anabwereka kwa mnzake. Mwina mawuwa ngakale kuposa kusiyana kwa mitundu yathu. Chimene ndikudziwa nchakuti onse atatu, alenje a abambo, akazi a amayi, ndi ngowe, akunena chinthu chimodzi: pali nthawi imene pakamwa sipathandiza, koma munthu ukumufunabe.

Tsono ndinapangana ndi mtima wanga kuti maso anga sakumana ndi a amayi aakulu mpaka tsiku lokwera sitima ku Balaka. Njira ina ya kuchitsime kulibe, pokhapokha kudzera kumanda. Ndiye m'mawa uliwonse ndimadutsa pakhomo pawo mtsuko uli m'manja, mutu uli pansi, ndikupereka moni kwa dothi: "Mwadzuka bwanji, amayi?" Osaima. Yankho lawo limakhala lapansipansi, ndimalimva ndili kale patsogolo. Pobwerera mpovuta, chifukwa mtsuko wodzaza ukakhala pamutu khosi silingawerame. Pamenepo ndimayang'ana kumbali ya tchire, ngati kuli chinthu chodabwitsa m'mitengo ya mitsatsi. Komabe m'mphepete mwa diso ndimaona kanthu kakuyenda mumdima wa pakhomo paja, kukwera nkutsika.

Sindinganene kuti ndinali kukondwa ndi nzeru zangazi. Amayi aakulu ndiwo anandiphunzitsa kusenza mtsuko, ndipo nkhata yanga yoyamba anandipotera ndi iwo. Chaka cha njala, amayi akudwala, ndinkagona kwa iwo, ndipo ankandigawira chawo nkumanena kuti adya kale. Ana awo ambiri ali kumanda kuja. Mmodzi amene anakula anapita ku migodi ine ndili wamng'ono, ndipo anatchona. Lero akhala okha m'nyumba miyezi yonseyi, akuyang'ana njira, ndipo mwana amene anamulera akuwadutsa ngati chitsa. Lamlungu lapitali ndinafuna kukaulula zimenezi kwa ansembe, koma sindinadziwe dzina la tchimolo. Sindinanamize munthu. Sindinakane wamkulu. Ndangosunga maso anga.

Lero m'mawa zatha.

Ndinali kupita kuchitsime monga mwa nthawi zonse. Ndisanafike pakhomo paja ndinamva phokoso la ziboda pamphasa. Mkazi wina wachifundo anawakonolera chimanga dzulo, nawayanikira mphale pabwalo, kutali pang'ono ndi khonde, iye nkupita kukathyola thonje. Mbuzi za eni zinali zitalowa m'mphalemo, mitu ili pansi, zikudya ngati zaitanidwa. Ndipo ndinamva kamawu kochokera m'nyumba, "Psi, psi," kosaopsa ngakhale nkhuku. Kutuluka sangatuluke, kufuula sangafuule.

Sindinaganize. Ndinaika mtsuko pansi, nkutola chibuma, nkuzithamangitsa mpaka kuseri kwa nkhokwe. Ndinabwerera, ndinagwada, ndinayamba kuwola mphale yomwazikayo ndi manja, kuchotsamo dothi. Nditamaliza ndinakoka mphasa kuti ndiifikitse pakhonde pamene iwo angaifikire ndi ndodo. Ndipo pofuna kuona ngati yafika pabwino, ndinadzutsa mutu.

Awonda. Nsalu yakuda inawaphimba mpaka pachipumi. Maso awo anali pa ine, ngati akhala pomwepo chiyambire. Dzanja linakwera pang'onopang'ono, chikhatho pansi, zala zinayi, kamodzi kokha.

Ndinalowa, nkukhala pansi pafupi ndi chitseko, miyendo yotambalala.

"Khosi lachira?" anandifunsa monong'ona.

"Lachira, amayi."

"Eya. Ndimati kusukulu kwanuko amakusenzetsani mabuku mpaka fupa kupindika. Ndakukodola iwe mwali mpaka mkono kuchita dzanzi. Anthu odutsa amayesa ndapenga, ndikuvina ndekha. Kukadapanda mbuzi, ukanakwera sitima osandiona. Mulungu azidalitse mbuzi zimenezo, ngakhale zandidyera ufa."

Ndinati pepani. Anagwedeza mutu.

"Usapepese. Amene anakuphunzitsa zoyang'ana mitsatsi ndikumudziwa. Ndinamubereka kumbuyo ine ameneyo. Tsono tamvera, poti wabwera. Amalume ako andituma."

Ananena zonse, mwadongosolo lake, monga amanenera otumidwa: mudzi wa mnyamatayo, mtundu wake, ankhoswe ake, kuti samwa, kuti amadziwa kuwaka njerwa. Ine maso anali pa mkeka. Atatha anayankhula ndi mawu ena, osakhalanso a wotumidwa.

"Ukuganiza kuti ndikudana ndi sukulu yako? Iyayi. Tsiku unawerenga kalata ya boma pamaso pa amuna a mudzi uno, ine ndinalulutira mpaka mawu kutha. Koma tayang'ana pabwalopo. Amuna anga apita. Wanga uja migodi inadya. Abambo ako msana wayamba, ndipo tsiku lina mng'ono wangayo akadzatsogola, iwo adzabwerera kwawo ku Ntcheu, poti mkamwini ndi mlendo. Alongo ako adzakwatira kwina, nkukalimira eni. Mwana wamkazi pa mbumba ino ndiwe wekha. Munda wakudambo wagonera chaka chino. Denga ili likudontha. Ukapita ku unamwino wakowo, adzakutumiza ku Zomba kapena kumpoto, udzakwatiwa ndi kalaliki wa kutali, ndipo pano padzamera nsongole. Ndikunama?"

Sankanama. Chimenechi ndicho chikundiwawa mpaka tsopano. Ndinakonzekera kumva za njinga ndi za Halale, ndipo mayankho a zimenezo ndinali nawo. Za denga ndinalibe yankho. Ndinayang'ana kumwamba, ndipo ndinaona kuwala kukulowa m'malo angapo pakati pa udzu.

Ndinafuna kunena kuti zaka ziwiri si zambiri. Ndinafuna kunena kuti namwino akhoza kubwerera kwawo, kuti ana awo aja mwina ena akanakhalapo kukanakhala munthu wodziwa mankhwala pafupi. Koma mawu amenewo kunena kwa mayi amene anawaika yekha ana akewo, ndinaona kuti ndi mwano. Ndinazindikira mochedwa kuti chala changa chikulembalemba padothi m'mbali mwa mkeka.

Amayi aakulu anachiyang'ana chalacho.

"Ukudziwa tanthauzo la zimene ukuchitazo?"

Ndinachibweza msanga. Ndikudziwa. Mtsikana akauzidwa za mwamuna nakhala chete, nkumalemba pansi, akuluakulu amati wavomera, manyazi okha ndiwo amugwira.

"Amalume ako abwera Loweruka kudzamva," anatero. "Ine ndili pa eda, bodza sindinena. Ndidzawauza zimene ndaona: ndinamuuza, anakhala chete, analemba pansi. Ine ndikufuna ukwatiwe, sindikubisira. Koma sindikufuna kuti udzanditukwane mumtima ndili kumanda, kuti ndinakugwira ngati nkhuku. Ngati uli ndi mawu ena, si kwa ine. Kawanene kwa mwini mbumba, ndi pakamwa pako, asanafike pano. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

"Tsono kanditungire madzi. Ndipo podutsa pano uziyang'ana kuno. Nkhani ndakuuza kale, palibenso choopa. Ndatopa kuona pamutu pako pokha."

Ndinawatungira mitsuko iwiri, nkuwasesera pakhonde. Pobwera kunyumba amayi anangondiona nkhope nkudziwa. Anafunsa, "Wakumana nawo?" Ndinati inde. Anafunsa chimene ndayankha, ndipo nditawauza anakhala pansi pamtondo wogona, manja ali m'masaya. Abambo anali pafupi, anamva zonse. Anapitiriza kusema mpini umene unatha kale kusemedwa, mpaka amayi anati, "Muutsiriza mpiniwo, utsala mswachi." Palibe anaseka.

Masana onse ndakhala ndikusankha thonje ndi kuganiza. Ndimayesa kuti ndikasunga maso anga ndasunga sukulu yanga. Koma tchuthi chikanatha, nkhani ikanandidikira, ndipo tsiku lina dzanja likanakwera pakhomo la kalasi monga linachitira kwa mnzanga wa ku Balaka. Kukhala chete kwandithandiza masabata angapo, ndipo lero kukhala chete komweko kwandivomerera mwamuna amene sindinamuonepo. Amayi aakulu akunena zoona za munda ndi denga, ndipo sindikudziwa ngati amalume angamve za zaka ziwiri. Akhoza kukalipa. Akhoza kunena kuti sukulu yandipatsa mwano, nkuletsa ngakhale ulendo wa ku Balaka. Komabe sanandimvepo ndikuyankhula. Amangodziwa kuti ndine mwana wofatsa.

Amalume ndi telala, amasoka pakhonde la sitolo ya Mmwenye ku Ulongwe. Pamakhala amuna tsiku lonse, ena odikira zigamba, ena ongocheza. Nkhani yotere sindinganene pamaso pa anthu amenewo. Kuwaitanira pambali ndi mawu sindingathe, ndipo kuwakodola, ine mwana, ndiye kutha kwa zonse nkhani isanayambe.

Mawa ndidzuka mmamawa, ndiwatungire madzi amayi aakulu, ndiwapatse moni ndikuwayang'ana. Kenako ndivala diresi langa la kusukulu, ndiyende wapansi mpaka ku Ulongwe. Ndikafika ndikagwada cha patali, pansi pa mtengo umene uli moyang'anana ndi makina awo, pamene sangadzutse mutu osandiona. Sindikayang'ana pansi. Ndikadikira, ngakhale dzuwa lifike pamutu, mpaka andikodole. Akandikodola ndikawapempha kuti tipite kuseri kwa sitolo, ndipo ndikanena mawu amene anandikanika lero: kuti denga la amayi aakulu ndikuliona, munda wakudambo ndikuudziwa, sindikuthawa mbumba yawo, koma mwamunayo panopa iyayi, andilole ndimalize sukulu.